Abwana aferedwa: ndiwapepese bwanji m'Chingerezi?

Funso: Ndimagwira ntchito ya ulembi pa bungwe lina ku City Centre, ndipo abwana athu ndi mayi wa ku Scotland. Sabata yatha mayi awo anamwalira kwawoko. Atatiuza, ine ndinangoti "Sorry, madam", kenako pakamwa panauma. Anyamuka kale kupita kwawo, ndipo anzanga andisankha kuti ndilembe khadi m'dzina la tonse. Tasonkhanso kandalama ka chipepeso. Chingerezi cha muofesi ndimachitha, koma cha pamaliro sindinachiphunzirepo. Ndilembe chiyani, ndipo akabwera ndikawauze chiyani? *Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.*

Yankho: Mayi, poyamba mtima ukhale pansi. Simunalakwitse. Munthu amene wangolandira uthenga wa imfa ya mayi ake alibe mpata woyeza galamala ya anzake, ndipo abwana anuwo anamva ndithu kuti mwakhudzidwa.

Chimene chinakuumitsani pakamwa n'chakuti kwathu kuno kupepesa sikudalira kwenikweni mawu. Tikamva kuti kwagwa zovuta timanyamuka, timafika pa siwa, timagwirana chanza ndi anamfedwa, timati "pepani", n'kukhala pansi. Amayi amalowa m'nyumba, abambo amatsala panja pamoto, nyimbo zikuimbidwa mpaka kucha. Imapepesa ndi miyendo. Tsono maliro awa ali kutsidya la nyanja, simungapiteko, ndiye ntchito yonse yatsalira mawu. Eni Chingerezi nawonso, ngakhale akhale oyandikana nyumba, ambiri sagona pa maliro monga ife. Amalemba khadi, amaimba foni, amatumiza maluwa. Pa chifukwa chimenechi ali ndi timawu tawo tokhazikika, ndipo si tambiri.

Chimene ndikufuna mugwiritse n'chakuti musasake mawu akuluakulu. Pa zaka zimene ndaphunzitsa Chingerezi ndaona kuti ife Amalawi tikamalemba za imfa timathamangira ku dikishonale. Mumapeza munthu walemba "untimely demise", "profound shock", "irreplaceable loss", zonse m'chiganizo chimodzi, poganiza kuti kulemera kwa mawu ndiko kukula kwa ulemu. Kwa mwini chinenerocho zimenezi zimamveka ngati kalata yochokera ku Capital Hill. Amene amamufika pamtima ndi mawu wamba, aafupi, otchula munthu amene wamwalirayo.

Tiyambe ndi "sorry" wanu uja. "Pepani" wathu amakwana paliponse, kaya munthu wapunthwa, kaya wadwala, kaya waferedwa. "Sorry" akakhala yekha, kwa munthu wa ku Britain kawirikawiri amatanthauza kuti wolankhulayo ndiye walakwa. Mwina munazionapo: mzungu wagwetsa yekha kapu, inu mwati "sorry", iye n'kukuyankhani kuti "It's not your fault". Kuti "sorry" akhale wa chipepeso amafunika kumuwonjezera. Munganene kuti "I'm so sorry for your loss", kapena "I'm so sorry to hear about your mother", kapena "I was very sorry to hear that your mother had died". Choyambacho ndicho chotchuka kwambiri, moti nthawi zina chimamveka ngati choloweza, koma sichilakwika pena paliponse. Ine ndimakonda chachiwiricho chifukwa chimatchula mayiwo. Chimene muyenera kupewa ndi "I feel sorry for you". Mawu ake ndi omwewo koma tanthauzo lake lapotoka: ndi chisoni choyang'anira munthu pansi, ngati kumuuza kuti akumvetsa chisoni.

Polemba samalani ndi "loss". Pa magulu a WhatsApp, uthenga wa maliro ukangoponyedwa, mumaona "sorry for your lost", "sorry for your lose", ngakhale "sorry for your loose". Oyenera ndi "loss", wa ma s awiri. Msampha wina ndi wathuwathu. M'Chichewa l ndi r timawasinthanitsa popanda vuto, Malita kapena Marita ndi munthu yemweyo. M'Chingerezi "We are praying for you" ndi "We are playing for you" ndi zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri, ndipo chachiwiricho chimalembedwadi. Khadi lanulo wina aliwerenge kaye musanalimate mu envelopu.

Mawu amene ali ngati mwini wake wa nkhaniyi ndi "condolences". Potchula, mphamvu imagwera pa "do", ndipo pafupifupi nthawi zonse amakhala ndi s kumapeto: "My condolences", "Please accept my condolences", "We send our sincere condolences to you and your family". Wopanda s amapezeka akamafotokoza chinthu china, monga "a letter of condolence" kapena "a book of condolence", buku lija amatsegula ku maofesi a akazembe mtsogoleri akamwalira kuti anthu alembemo mauthenga. Mawuwa ndi aulemu wapamwamba, oyenera m'kalata ndiponso kwa munthu amene simunazolowerane naye. Kwa mnzanu wapamtima amamveka ozizira pang'ono. M'nyuzipepala zathu mumaonanso mitu yonga "President condoles family". Mneni "condole" alipodi m'dikishonale, ndipo kuno, ku Nigeria ndi ku India amagwiritsidwa ntchito kwambiri, koma ku Britain simungamumve pakamwa pa munthu. Musalembe "We condole you".

Mnzake wa "condolences" ndi "sympathy". Makhadi ogulitsa m'masitolo a mabuku amalembedwa kale "With deepest sympathy" pamwamba, ndipo khadi lotero dzina lake ndi "sympathy card". Mukagula, funsani dzina limenelo. "Empathy" musavutike naye, sakhala pa khadi.

Pa nkhani ya ndalama mwasonkhayo ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu awiri angasemphane onse ali ndi mtima wabwino. M'Chingerezi chathu cha kuno "condolences" amatanthauzanso chipepeso cha ndalama, chija amalengeza pa mwambo kuti a kumpingo apepesa ndi mwakuti, a kuntchito apepesa ndi mwakuti. Kwa munthu wa ku Scotland "condolences" ndi mawu basi. Mukalemba kuti "We have collected condolences for you", iwo adzayembekezera mauthenga, osati ma kwacha. Komanso kupatsa namfedwa ndalama mu envelopu si chizolowezi kumeneko. Anthu amatumiza maluwa, kapena amapereka ndalama ku bungwe lothandiza anthu limene banjalo latchula. N'chifukwa chake pa zidziwitso zawo za maliro pamalembedwa kawirikawiri kuti "Family flowers only" ndi "Donations, if desired, to…", ndiye kuti nkhata za maluwa zichokere kwa achibale okha, ena onse amene akufuna apereke ku bungwelo. Kodi ndiye mubweze ndalamazo kwa eni ake? Ayi. Maliro n'kulirana, ndipo abwana anuwo akukhala pakati pathu. N'kutheka kuti nawonso anaponyapo kangachepe pamene wina wa inu anaferedwa. Ingofotokozani mwambowo m'chiganizo chimodzi: "In Malawi it is our custom to give a small gift of money to a family in mourning. Please accept this from all of us." Akakasankha kuzipereka ku bungwe lina m'dzina la mayi awo, musakhumudwe. Kumeneko ndiko kuzilemekeza kwawo.

Tsopano mawu onena za kufa kwenikweniko. Ife sitinena kuti munthu wafa, timati wamwalira, watisiya, watsikira kuli chete. Poopa kumveka amwano, ambiri amathawa "died" poyesa kuti ndi wofanana ndi "wafa". Sizili choncho. "Died" ndi mawu oyera, ndipo eni ake amawanena ngakhale za makolo awo: "My mother died on Tuesday". Mukafuna ofewerapo pali "passed away". Aku America amangoti "passed". Palinso "lost", monga "She lost her mother last week". Atatu awa, "died", "passed away" ndi "lost", akukwanirani. "Deceased" ndi wa apolisi, achipatala ndi maloya. Musatchule mayi a munthu kuti "the deceased" pamaso pake. "Corpse" ndi "dead body" musawayerekeze n'komwe, "her body" akwanira ngati pafunika kutero. Zining'a zija tinkaloweza pokonzekera mayeso a MSCE, monga "kick the bucket", ndi zanthabwala. Zisiyeni m'makope momwemo. Ndipo atatu awa asasokonezeke: "she died" ndi zimene zinachitika, "she is dead" ndi mmene alili, "her death" ndi imfayo. "She is died" kulibe.

Mawu amene amasokoneza kwambiri pakati pa ife ndi alendo ndi "late". Kuno munthu akati "My father is late" tonse timamva kuti bambowo ndi malemu. Mzungu amamva kuti achedwa, ndipo akhoza kufunsa kuti afika nthawi yanji. Kwa iye "late" amatanthauza malemu pokhapokha akatsogola: "my late father", "the late Mrs Banda". Mukafuna kunena kuti bambo anu anamwalira, nenani "My father has passed away" kapena "My father died in 2019". Sindikunena kuti Chingerezi chathucho n'cholakwika. Pakati pa Amalawi okhaokha chimagwira ntchito bwinobwino, ndipo ine sindimudzudzula munthu pa siwa chifukwa cha "late". Nkhani ndi yodziwa amene mukulankhula naye.

Chimodzimodzi "funeral". Maliro athu amayamba pamene munthu watsirizika n'kutha ataikidwa m'manda, mwinanso kupitirira. "Funeral" ndi mwambo wa tsiku limodzi lokha. Mukauza abwana kuti "I have a funeral at home", iwo amva kuti mwambo uli lero ndipo mawa mubwera. Ngati mukutanthauza kuti mwaferedwa, nenani "There has been a death in my family" kapena "I have had a bereavement", ndipo tchuthi chimene mukupempha ndi "compassionate leave". Anamfedwa ndi "the bereaved". "Grief" ndi ululu wa mumtima, "to grieve" ndi kuumva ululuwo, pamene "mourning" ndi kulira koonekera, zovala zakuda ndi miyambo yake. Amamveka chimodzimodzi ndi "morning" wa m'mawa, ndiye u ameneyo asasowe polemba.

Dziwaninso kuti ku Britain sathamanga nawo maliro. Pamatha sabata imodzi, ziwiri, ngakhale zitatu mwambo usanachitike. Musadabwe abwana akachedwa, ndipo musafunse mawa lake kuti "Have you buried her?" Funsoli likhozanso kuphonya pa chifukwa china: kumeneko anthu oposa 70 mwa 100 alionse saikidwa m'manda, matupi awo amawotchedwa. Mwambo umenewo ndi "cremation", ndipo banja limalandira phulusa, "the ashes". Funso losalakwa ndi "When is the funeral?", ndipo pambuyo pake "How did the funeral go?" Mukamva akunena za "wake", ku Britain nthawi zambiri ndi kukumana kwa anthu pa tiyi ndi zakudya mwambo utatha, a kumadzulo kwa Scotland amati "purvey". Ku Ireland ndiko "wake" amafanana ndi zathu, kuchezera thupi lili m'nyumba. Kugona pa maliro kwathu, pofotokozera mlendo, mungati "night vigil".

Gawo lovuta kwenikweni si la galamala, ndi la Mulungu. Ife sitipepesa osamutchula: "Ndi chifuniro chake", "Anapatsa ndi yemweyo watenga", "Mzimu wawo uuse mumtendere". Mawuwa amatitonthoza chifukwa pafupifupi tonse, Akhristu ndi Asilamu, tili ndi chikhulupiriro. Koma pa kalembera wa ku Scotland wa 2022, anthu 51 mwa 100 alionse ananena kuti alibe chipembedzo. Kwa munthu wotero "It was God's will" akhoza kumveka ngati mukuti imfa ya mayi ake inali yoyenera. "She is in a better place" nayenso amalasa ena. Ngati mukudziwa kuti abwana anu amapemphera, palibe vuto, lembani momasuka. Ngati simukudziwa, nenani za inu eni m'malo monena za Mulungu: "You are in our thoughts" kapena "We are thinking of you". Ine sindiona cholakwika ngakhale kulemba "You are in our thoughts and prayers", chifukwa mukungonena zimene inu mukuchita, simukumuuza munthuyo zoti akhulupirire. Ambiri osapemphera amalandira mawu amenewo mokoma mtima.

"Limbani mtima" ndi mawu okoma m'Chichewa. Mukawatembenuza n'kukhala "Be strong" amasanduka lamulo, ngati mukumuletsa munthu kulira. "Take heart", amene timamukonda kwambiri kuno, kwa iwo ndi wachikale ndipo sayenderana kwenikweni ndi maliro. "Don't cry" ndiye ayi. Chiganizo chilichonse choyamba ndi "At least", monga "At least she lived a long life", chimachepetsa chisoni cha mwini wake ngakhale chikhale choona. "I know how you feel" mumunene pokhapokha ngati inunso munataya mayi, ndipo ngakhale pamenepo ndi bwino kungoti "I lost my own mother, and I remember how hard it was". Pa maliro athu timafunsa momwe anadwalira, ndipo pamakhala wachibale woimirira n'kufotokoza zonse kuyambira tsiku limene anagonekedwa ku Central. Kwa iwo matenda ndi nkhani ya m'banja. Musafunse "What happened?" Akafuna adzanena okha.

Nanga "RIP" ndi "MHSRIP"? Pa Facebook, pansi pa chithunzi, palibe mlandu. Pa khadi ayi. "MHSRIP" munthu wa ku Scotland mwina sangamuzindikire n'komwe, ndipo kufupikitsa mawu pa chipepeso kumaoneka ngati munalibe nthawi. Mukafuna, lembani onse: "May she rest in peace".

Khadi lanulo likhoza kukhala chonchi. Pamwamba muike dzina limene mumawatchula masiku onse. Ngati muofesi mumawatchula ndi dzina loyamba, musasinthe lero n'kuyamba "Dear Madam".

"We were all so sorry to hear about your mother. You often spoke of her, and we know how much she meant to you. Please take all the time you need with your family. We will look after things here. You are in our thoughts and prayers. With deepest sympathy, from all of us at the office."

Chiganizo chachiwiricho muchilembe pokhapokha ngati n'choona. Ngati mayiwo anabwerako kuno n'kudzacheza ku ofesi, ndiye muli ndi chuma: tchulani kanthu kamodzi kamene mukukumbukira, kaya mmene anasekera poyesa kudya nsima ndi manja, kaya chitenje chimene anagula mumsika wa ku Area 2. Kachiganizo kamodzi kotero kamaposa "heartfelt" khumi. Aliyense asaine yekha dzina lake ndi cholembera. Khadi lolembedwa pamanja limalemera kuposa imelo, koma popeza positi imachedwa, tumizani lero uthenga waufupi pa foni, wonga "Thinking of you and your family. No need to reply", khadilo adzalipeze pa tebulo pawo. Timawu ta "No need to reply" n'tamtengo wapatali, chifukwa munthu woferedwa amakhala ndi mauthenga ambiri omudikira.

Tsiku limene adzabwere, musachite ngati palibe chachitika. Zimenezo zimapweteka kuposa kulakwitsa mawu. Koma musawaunjikirenso onse pakamodzi pa khomo. Mukapeza mpata muli awiri, nenani "It's good to have you back. I'm so sorry about your mother." Akakhetsa misozi, khalani nawo chete monga timachitira kwathu, chete ameneyo safuna kumasulira. Akayankha mwachidule kuti "Thank you" n'kutembenukira ku kompyuta, si mwano, ambiri a iwo sakonda kulira pagulu. Patapita masiku mungafunse "How are you doing?" kapena "How is your father coping?" ngati bambowo alipo. Pofuna kuthandiza, tchulani chinthu chenicheni. "Let me know if you need anything" ndi waulemu koma palibe amene amamuyankha. "I can take the Thursday meeting for you" ndi thandizo.

Za matenda ndi mavuto ena ndingodutsamo. Wodwala: "I'm sorry to hear you are unwell", "Get well soon", "Wishing you a speedy recovery". Koma "Get well soon" musamutumize kwa munthu amene madokotala anena kuti sachira. Pamenepo ndi "Thinking of you". Woberedwa kapena wochita ngozi: "I'm so sorry, that must have been a terrible shock".

Mukafuna kuwonjezera mawu ena, gwiritsani ntchito nkhani zimene mukuzidziwa kale m'Chichewa. Pamene wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, nyuzipepala za Chingerezi zinadzaza ndi mawu a nkhani yathuyi. Masiku 21 olira aja anali "national mourning", mbendera zotsitsidwa zinali "at half-mast", mwambo wa ku Bingu National Stadium unali "state funeral", zolankhula zotamanda malemu zinali "eulogies" ndi "tributes", kuyala nkhata kunali "laying wreaths", ndipo ataikidwa ku Nsipe analemba kuti "laid to rest". Popeza zochitikazo munaziona ndi maso, mawuwo savuta kumata m'mutu. Masamba a zikumbutso za omwalira mu The Nation ndi The Daily Times ndi othandizanso, bola mukumbukire kuti ndi Chingerezi cha Amalawi polankhula ndi Amalawi anzawo, ndipo "demise" ndi "gone too soon" n'zochuluka kumeneko. M'kope mwanu musalembe mawu amodziamodzi ndi matanthauzo ake. Lembani ziganizo zathunthu, muzigawe malinga ndi malo: za pakamwa, za pa khadi, za pa foni. Kenako muzizinena mokweza muli nokha kunyumba, chifukwa pa nthawi ya chisoni mutu sugwira, chimatuluka ndi chimene lilime linazolowera. Potchula "bury" ndi "burial", u uja amamveka ngati e: beri, beriyo.

Mudzafunanso mawu a tsiku limene oferedwa mudzakhale inu, alendo a ku ofesi akudzakupepesani. Safunika ambiri: "Thank you for your kind words", "Thank you for coming", kapena "Thank you, that means a lot to me". Ndipo ngati ena mwa iwo adzafune kufika pa siwa koma akuopa kulakwitsa, auzeniretu kuti masamba oikidwa pamsewu akutanthauza chiyani, kuti amayi avale chitenje, kuti alowe mbali iti, ndiponso kuti chipepeso amapereka kwa ndani.